Mabotolo a Bambo Pavlak

"Bokosi limenelo musalinyamule choncho," anatero Marisol. "Litsitseni pang'onopang'ono."

Curtis anali atayamba kale kukwera masitepe ochokera m'chipinda chapansi. Anabwerera cham'mbuyo. Mabotolo anagundana m'bokosimo, fungo ngati la mazira owola n'kudzaza chipinda chonse.

"Fungo la Adadi," anatero mlongo wake Denise, atatseka mphuno ndi mkono wa juzi. "Kusukulu anzanga ankakana kukoleka majekete awo pafupi ndi langa."

Bambo awo, Leonard Pavlak, anali atangoikidwa m'manda. Moyo wawo wonse anaphunzitsa za kasakanizidwe ka mankhwala pa yunivesite ina mumzinda wa Milwaukee, ndipo atapuma anasamutsira ntchitoyo kunsi kwa nyumba yawo. Marisol Ybarra anaphunzira kwa iwo kalekale. Ndiye yekha akanatha kusiyanitsa botolo loopsa ndi lopanda vuto, choncho anabwera Loweruka kudzathandiza anawo kuchotsa zonse.

Denise anatola kabotolo ka ufa wachikasu. "Uyu ndiye golide uja?"

"Ndi yemweyo. Payekha golide thupi silimulandira. Koma mukamumangirira ku sulufule amasungunuka m'madzi, n'kuyenda m'magazi mpaka kukafika m'mfundo zotupa. Jakisoni wa nyamakazi amene amayi anu ankabayidwa anali wotere."

"Amene anawawononga impso," anatero Curtis.

"Anangoyamba kuziwononga, dokotala n'kuwaletsa. N'chifukwa chake aphunzitsi ankafunafuna njira ina yomumangira, yoti azipha ululu koma impso azizisiya."

"Anaipeza?"

Marisol anapukuta fumbi pa botolo lina asanayankhe. "Ayi. Kunabwera mankhwala atsopano, madokotala n'kumusiya golide. Aphunzitsi sanamusiye."

"Anasiya ife," anatero Curtis. "Mpira ndinkasewera ine sanabwere kudzaonera ngakhale tsiku limodzi. Zaka zonsezo ali kunsi kuno, zala za Amayi zili chipindikire."

Marisol anapitiriza kukulunga mabotolo m'nyuzipepala.

Masana anawo anakwera kukhitchini. Patebulo panali mbale za soseji ndi kabichi zimene anansi anabweretsa pa maliro. Panja chipale chofewa chinali chitakwirira galimoto ya malemu, popeza panalibenso woikolopa.

Curtis anatsitsa mawu. "Ndalankhula ndi a kunyumba yosungirako okalamba ija. Malo a Amayi alipo mwezi wamawa."

"Achimwene, maluwa a pamanda sanafote n'komwe."

"Ndiye uwatenge iweyo, upite nawo kwako ku Oregon."

"Mukudziwa kuti kwanga kuli masitepe okhaokha. Ndi ana aja, ndi ntchito..."

"Ine ndilibe ntchito? Iwe ukwera ndege Lachiwiri, uziimba foni Lamlungu lililonse n'kumalira. Wowamangira mabatani m'mawa akhala ndani? Wowatsegulira botolo la mapiritsi?"

"Ndikukumvanitu," anatero amayi awo, Arlene, ali pakhomo la khitchini atatsamira ndodo. "Zopindika ndi zala, makutu ali bwinobwino."

Denise anathamanga kukawakokera mpando. Curtis anayang'ana pansi.

"Amayi, sikuti tikukuthamangitsani," anatero Curtis.

"Ndikudziwa, mwanawe. Ukuopa. Inenso ndikuopa." Anakhala, n'kuika manja patebulo, zala zitapendekera mbali imodzi ngati udzu wogwa ndi mphepo. "Za bambo ako wanena kunsi kuja ndazimvanso, mawu amakwera ndi paipi yotenthetsera nyumba. Sunaname, anakulakwira. Ndinkawauza kuti pitani mukaone mwana akusewera, iwo n'kumati ayi, apa ndatsala pang'ono. Anatsala pang'ono mpaka imvi. Koma chaka chimene jakisoni uja ankagwira, ndinakunyamula ndekha kukusambitsa, tinapita kokavina ndi bambo ako, ndinasoka diresi la Denise. Chaka chimenecho n'chimene ankafuna kundibwezera."

Kunsi kunamveka Marisol akukoka bokosi.

"Ndipatseniko tiyi," anatero Arlene. "Ndi buledi wa jamu. Soseji wa anthuyu wanditopetsa."

Denise anatsegula kabati n'kutulutsa botolo latsopano la jamu. Analigwira ndi kansalu, kukonzeka kulimbana nalo, koma chivundikiro chinangotembenuka atachikhudza. Anadabwa. Anatenga la uchi, nalonso chimodzimodzi. La chiponde, la nkhaka zoviika mu viniga, ngakhale amene anali kumbuyo kwenikweni osayambidwa.

"Achimwene, tabwerani."

Curtis anatsegula kabati yachiwiri, kenako firiji. Anayesa botolo lililonse ndi zala ziwiri. Onse anali omasulidwa, zivundikiro zongokhazikapo. Pa mabotolo a mapiritsi zivundikiro zolimba zija zinali zitachotsedwa, m'malo mwake mwaikidwa zongokankha ndi chikhatho.

"Lamlungu lija, mawa lake akupita ku opaleshoni ya mtima, bambo anu anatha masana onse muno akumasula mabotolo," anatero Arlene. "Anati madokotala akhoza kuwasunga nthawi yaitali, ndisavutike. Ndinawaseka kuti jamu yense awonongeka."

Denise anakhala pansi, botolo la uchi lili m'manja, misozi ikugwera pa juzi.

Curtis anaima atatembenukira kukabati. Kenako anafunsa osacheuka, "Mumadzuka nthawi yanji, Amayi?"

"Dzuwa likangotuluka. Mafupa salola kugona."

"Ndizidzera kuno ndisanapite kuntchito. Tiyese kaye mpaka chipale chisungunuke, zinazo tidzaona. Iwenso Denise, tchuthi cha ana ubwere nawo kuno, osati foni yokha."

"Ndibwera."

Pa shelefu panali botolo la khofi limene Curtis yemweyo anatseka m'mawa uja, n'kulimanga zolimba monga amachitira kwake. Analitsitsa, analimasula, n'kukhazika chivundikirocho pamwamba mosamala. Kenako analibwezera pa shelefu ya m'munsi, pamene amayi ake akanatha kufikira.