Chitini cha Malemu Fabian

Judith atalowa m'kalasi momwe mpingo wawo unkapempherera ku Chelstone, anapeza pamalo pake poimbira pali mbee. Choikira maiki chinali chitachotsedwa.

Tisaname, sichinali chinthu chokongola. Mwamuna wake, malemu Fabian, anazika paipi ya madzi m'chitini cha penti chodzaza simenti, kunsonga n'kukulungako mphira wa chubu cha njinga woti uzigwira maiki. Paipiyo anaidula atayezera pakamwa pa Judith, poti mkaziyo anali wamfupi. Alaliki ataliatali ankachita kuwerama, ndipo palibe anafa nazo. Judith ankatsogolera nyimbo pamenepo kuyambira mpingo uli wa mabanja owerengeka.

"Ba Gerald, chitini chili kuti?" Judith anafunsa mkulu wa mpingoyo.

"Ba Judith, muli shani? Lelo tili pa Fesibuku," anatero Gerald akukonza tayi. "Bazaimba ba Stephanie ba ku Kabulonga, bamene batilonjeza malata ya chechi. Manje muganize, bantu baone chitini cha penti kusogolo?"

"Ukaipa dziwa nyimbo. Chitini chija sichinagwesepo maiki."

"Tiziba, amai. Ni lelo chabe."

Kenako Judith anachiona. Chinali kumbuyo, pakati pa mabenchi, Gerald atamangirira foni yake pamphira paja kuti izijambula. Kumbuyo kwa kamera chinali chabwinobwino.

Stephanie anafika mafuta onunkhira ali patsogolo, dalaivala akumunyamulira kiyibodi. Atakhala pansi ndi pamene anthu anazindikira kuti woimba kiyibodi manja onse amakhala pa ntchito. Maiki igwiridwa ndi chiyani? Gerald anaponya maso uku ndi uku, n'kuwaimitsa pa Judith.

"Ba Judith, mutigwilileko maiki," ananong'ona. "Koma mugwade, kuti musaoneke mu vidiyo."

Judith anagwada. Simenti ya m'kalasimo inali yokumbikakumbika, ndipo inamulowa m'maondo. Stephanie anayamba nyimbo yomwe Judith anaphunzitsa mpingo wonse chaka chimene anaika Fabian m'manda. Mawu anali nawo mayiyo, zimenezo Judith sakanamumana. Koma pakati pa ndime ankawerama n'kunena chapansipansi, "Mami, musagwedeze," ngati akulankhula ndi wantchito wa kunyumba kwake.

Mkono unachita dzanzi. Ali pansipo, Judith ankayang'ana chitini chija kudzera pakati pa miyendo ya anthu, ndipo zinamuwawa kwambiri. Iye ndi chitini onse ankafunika, bola asaoneke.

Nyimbo sanaidule, poti inali ya Mulungu. Itatha, anthu akuomba m'manja, anaika maiki pa kiyibodi bwinobwino, n'kudzuka maondo ali mbuu. Anayenda mpaka kumbuyo, anamasula mphira, foni n'kuiika m'manja mwa Gerald.

"Gwilani, ba Gerald. Mukalema, mugwade."

"Ba Judith, tili laivu!"

Judith anachikumbatira chitinicho ngati mwana wodwala, paipi ili paphewa, n'kutuluka nacho akudzandira ndi kulemera. Oonera pa Fesibuku anaona denga, kenako nsapato za Gerald.

Kunyumba anachiimika pabalaza, pafupi ndi mpando umene Fabian ankakonda. Ankayembekezera kuti wina wa kumpingo agogoda, kaya kudzapepesa, kaya kudzamukalipira. Ngakhale kukalipako akanakulandira. Masiku anadutsa kuli zii.

Loweruka madzulo foni inalira. Anali Gerald, mawu ali ofewa, ndipo mtima wa Judith unayamba kusungunuka.

"Ba Judith, vija vinachitika tiviibale. Ba Stephanie bazabwelanso mailo pa Sande, bazabwela na choikila maiki chao cha mu shopu. Koma foni ilibe pokhala. Chitini chija mungatumeko muntu atipelekele m'mawa?"

Judith anadikira, foni ili kukhutu, kuti mwina pali mawu ena akubwera. Panalibe. Anadula foniyo, n'kupachika duku lake la kwaya pa paipi ija.