Nkhupakupa za Miyendo Yamizere

Wosenda ng'ombe wina anayamba kutentha thupi pa 9 Marichi. Pa 12 anamugoneka m'chipatala akutuluka magazi m'mphuno ndi m'nkhama. Pa 16, Lachitatu, zotsatira zinafika: anali matenda otaya magazi amene amafala ndi nkhupakupa.

Mayi Mapu, amene ntchito yawo inali kulondola miliri m'bomalo, anaima kutsogolo kwa mapu amene anawapatsa dzinalo. Timadontho tofiira tosonyeza matendawa tonse tinali kumpoto, kuseri kwa mapiri, makilomita mazana anayi. Kuno kunalibe ngakhale kamodzi. Wodwalayo anali asanachoke m'tauni chaka chonse, ndiye kuti chimene chinayenda ndi ng'ombe.

Pa 4 Marichi iye anasenda zitatu za mlamu wake, wogulitsa ng'ombe. Zisanu ndi zinayi za gulu lomwelo zinali kudikira mpeni wa Lachisanu, ndipo amuna asanu ndi mmodzi akanazisenda opanda magolovesi. Mwini malo ophera anakana kuimitsa kupha popanda umboni, popeza chiphaso chimati ng'ombezo n'zapafamu ina yapafupi.

Mayi Mapu anamupeza mlamuyo atatsamira mpanda wa khola.

"Amayi, onani nokha," anatero. "Yonenepa chonchi ingadwale? Woonda pano ndinu."

"Ng'ombe sizidwala nako kachiromboka, bambo. Zimangonyamula."

"Ndiye mundimangira matenda osaoneka?"

Mayi Mapu analowa m'khola. Anavala magolovesi n'kugwira khutu la ng'ombe yoyamba. Panali mabowo awiri: lina lakale, lopola bwino, lina laliwisi, mmene munali nambala. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatunso.

"Minga," anatero mlamuyo asanafunsidwe.

"Minga yake yodziwa kusankha malo."

Anatukula mchira. Pansi pake panali nkhupakupa zinayi zokhuta, miyendo yake ya mizere yofiirira ndi yoyera. Zaka khumi ndi chimodzi m'bomali, zamtunduwu ankangoziona m'mabotolo ochokera kumpoto. Koma anadziwa kuti mwini malo ophera angoti nkhupakupa ndi nkhupakupa.

"Timeneti ndi timene tikukuopsani?" Mlamuyo anaseka, n'kuzula imodzi, n'kuiphwanya pakati pa zikhadabo monga amachitira kuyambira ali mwana. Magazi anafalikira pachala chachikulu, pamene panali bala la chingwe.

Mayi Mapu anamuthira mankhwala m'manja asanatsegulenso pakamwa.

"Mwaphwanya zingati sabata ino?"

"Ndani amawerenga?"

"Alamu anu nawonso amaphwanya?"

Munthu uja anayang'ana chala chake nthawi yaitali.

"Amandithandiza kutsitsa mulole," anatero motsitsa mawu. "Tinkazula tonse."

"Lole yochokera kufamu yapafupi?"

Mlamuyo anapukuta chala pabuluku, n'kuchiyang'ananso.

"Zikayamba, zimayamba bwanji?"

"Mutu, kutentha thupi, msana. Dokotala akadziwa msanga kumene mwachokera, amadziwa chochita. Akanamizidwa, amakupatsani mankhwala a malungo, monga anachitira ndi alamu anu masiku atatu."

Mlamuyo anatchula msika wa kuseri kwa mapiri, tsiku la 1 Marichi, ndi midzi iwiri ya m'njira kumene anatsitsako ng'ombe zina zisanu.

Mayi Mapu analemba zonse, n'kumusainitsa. Lachisanu mipeni sinatuluke. Koma pamapu paja, kuwonjezera pa kadontho kofiira ka m'tauni, anaikapo tiwiri ta pensulo pamidzi ija ya m'mbali mwa msewu, n'kupempha galimoto.