Chitseko cha Kumanzere

Galimoto ya bambo ine ndinakula ndikuida, ndipo sindibisa. Inali yobiriwira, ya zitseko ziwiri, yogwada ngati ikununkhiza msewu. Kumbuyo kwake kunali kampando koti mwana akakhalapo mawondo ankafika m'makutu. Ife ana tinkaitchula kuti mayi aang'ono. Inali ndi galaja yakeyake, lona wake, nsalu yake yopukutira, pamene ife bulangete tinkalimbirana. Mayi athu enieni anamwalira, ife tinakula n'kubalalika, koma mayi aang'onowo anali phee m'galaja, osakalamba.

Kenako bambo anadwala sitiroko. Mkono wakumanja unafa, mwendo ankachita kukoka, mawu ankatuluka limodzilimodzi. Nyumba yathu yaikulu tinaigulitsa, ndipo mwini watsopano ankadikira makiyi pakutha pa mwezi. Bambo anali oti adzakhala kwa ine, m'nyumba yosanja yopanda ndi poimika njinga pomwe. Galimoto inayenera kupita basi. Bambo anavomera, koma anaika lamulo: wogulayo amuone ndi maso awo, amulole okha. Achimwene nawo anaika lawo, lakuti tsikulo likafika wogula asanapezeke, aitaya kwa adobadoba pa mtengo uliwonse. Ine ndinkadziwa kuti zikatero, kwathu ndidzanyamula thupi lokha la bambo, mtima utatsalira.

Ntchito yofufuza mtengo inagwera ine. Ndinatsegula foni n'kuyamba kuona ena amene akugulitsa galimoto zotere. Abale inu, mutu unandizungulira. Mtundu womwewo, chaka chomwecho, koma uyu akutchula mtengo wa firiji, uyo wa nyumba. Ina yonyezimira ngati yanyambitidwa, yotchipa. Ina yothimbirira, mpando wong'aluka, yodula yoti ukaiona umakhala kaye pansi. Ndinawaonetsa achimwene, amene pa nkhani iliyonse amakhala katswiri, ngakhale ya uchembere. Iwo anati ogulitsawo ndi amisala chabe, malonda ndi kuwala, tikaipaka penti watsopano titchula mtengo uliwonse. Bambo atamva za penti anapukusa mutu mpaka chipewa chinagwa.

Ogula anabwera ndithu. Woyamba anafikira kumenya tayala ndi nsapato. Atafunsa mtengo, bambo anatchula ndalama yoti n'kugula ndege, munthuyo anachoka osatsanzika. Wachiwiri anali wachinyamata, wonunkhira bwino, ndipo anafotokoza mosangalala mmene adzachotsere kampando kakumbuyo n'kuikamo masipika. Bambo anatseka maso n'kuyamba mkonono wabodza. Apo ndinaphunzira chifukwa chimodzi chimene mitengo imasiyanirana: pena wogulitsa amangokhala kuti nkhope yako sanaikonde.

Achimwene analephera kupirira. Loweruka lomaliza la mweziwo m'mawa, bambo akadali kuchipinda, anabwera ndi wopenta. Ine ndinali kukhitchini kukulunga makapu m'nyuzi. Potuluka ndinapeza galimoto aikankhira pabwalo, magalasi onse ataphimbidwa ndi nyuzi, wopenta wagwada pa chitseko chakumanzere ali ndi sandipepa m'manja. Anati ayambira pamenepo chifukwa ndi pamene pakandika kwambiri. Ndinakalipa, achimwene anakalipa kuposa ine, ndipo mkati mwa phokosolo ndinamva kulira kwachilendo kumbuyo kwanga. Anali bambo, pakhomo, atatsamira ndodo, pakamwa pakufuna mawu koma mawu osabwera. Chibadwire changa ndinali ndisanawaone ali ndi mantha otero.

Nthawi yomweyo pageti panalowa mayi wina wamfupi, wa imvi zochepa, atanyamula kachikwama. Anali adokotala a mano amene anandiimbira foni dzulo lake kufunsa za galimotoyo, ine n'kuiwala kunena. Sanapereke ndi moni yemwe. Anayang'ana sandipepa, anayang'ana chitseko, n'kugwira pamtima.

"Bambo inu, chonde, ikani kaye pansi chimenecho," anatero kwa wopenta, mawu ali pansipansi.

Wopenta anaika. Adokotalawo anapepesa, anapereka moni kwa bambo mogwada pang'ono, kenako anapempha chilolezo choizungulira. Ine ndaonapo anthu akugula zinthu, koma izi zinali zina. Anatulutsa kamaginito kokulunga m'kansalu n'kumakayendetsa m'mbali mwa galimoto pang'onopang'ono, ndipo paliponse kankamata. Anatifotokozera kuti zonyezimira zambiri zimene ndinaona pa foni zija ndi chikomekome cha mkuyu. Pansi pa penti watsopano pamakhala dzimbiri ndi phala lomatira mabowo, pomwe maginito sagwira. N'chifukwa chake odziwa amaziopa, mtengo n'kugwa. Penti wa ku fakitale, anatero, amapakidwa kamodzi kokha pa moyo wa galimoto. Ukamuchotsa, ngakhale ubwere ndi ndalama zodzaza thumba, sabwereranso.

Achimwene anati iwo zimenezo ankazidziwa kale, amangofuna kuyesa wopentayo. Ndinawayang'ana, anayang'ana kumwamba.

Adokotala anatsegula boneti, n'kuwerenga manambala a pa injini ndi tochi ya foni. Anati injini ndi yomweyo imene galimoto inabadwa nayo. Anati akhala akufunafuna yotere kuyambira ali pasukulu, aona zambirimbiri, koma zonse zinali zoikidwa mtima wa galimoto ina. Analowetsa mutu pawindo la galimoto, anakoka mpweya, n'kutseka maso. Ine fungo limenelo ndinkalidziwa ngati la mseru wa paulendo. Iwo misozi inali m'maso.

Pa chitseko cha dalaivala, pansi pa windo, panali malo othetheka, osalala, pomwe chigongono cha bambo chinadya penti zaka zonsezo. Achimwene anayamba kupepesa. Adokotala anati pamenepo ndiye pokoma, chifukwa pakuonetsa kuti galimotoyi yadziwa mkono umodzi wokha. Ndinaganiza kuti basi, chimene bambo ankateteza ndi chimenechi. Koma bambo sankayang'ana uko. Ndodo yawo inaloza chitseko chakumanzere.

Adokotala anagwada pomwe panali wopenta paja. Pansi pa windo, kunja, panali timizere ting'onoting'ono tambirimbiri, tounjikana malo amodzi osaposa chikhatho, ngati pamene nkhuku yapalasa. Anati zokandika za miyala amazidziwa, za makiyi amazidziwa, koma izi sanazionepo. Achimwene anati ndi ife tinakanda tili ana. Bambo anapukusa mutu, analimbana ndi lilime lawo, mpaka liwu linatuluka.

"Mphete."



"Ya mayi ako," anatero akuyang'ana ine.

Ndinakumbukira. Ulendo uliwonse, ine ndili kumbuyo mawondo m'makutu, bambo ankaliza injini koma osanyamuka. Mayi ankakonza mpango, ankadandaula kuti chigalimoto ichi chidzatipha, kuti anthu anzeru amagula ya zitseko zinayi. Akatha kudandaula ankatulutsa dzanja pawindo n'kugogoda chitseko: ko, ko. Pamenepo ndi pomwe bambo ankaponya giya. Ine moyo wanga wonse ndinkauza anthu kuti mayi ankaida galimotoyi ngati ine. Koma timizere tinali apo, tosawerengeka, kalikonse ulendo wake. Munthu sugogoda chotero pa chinthu chimene umadana nacho.

Wopenta anayamba kumatula nyuzi zake mwakachetechete, osauzidwa ndi munthu.

Bambo anapisa m'thumba ndi dzanja lamoyolo n'kupereka kiyi kwa adokotala. Ogula ena aja sanaione n'komwe kiyiyo. Adokotala anakhala pampando, anapukuta manja pa siketi, n'kupotokola. Injini inatsokomola kamodzi, kenako inadzuka. Mayo ine! Ndinali nditaiwala. Sikunali kulira, kunali kuguguda kochokera pansi, kumene umakumva m'mimba usanakumve m'makutu. Mawindo a nyumba yopanda katunduyo ananjenjemera. Galu wa aneba anasiya kuuwa. Achimwene, katswiri uja, anangoti kukamwa yasa. Ndipo bambo, amene miyezi yonseyi ankakhala chowerama, anawongoka msana.

Za mtengo zinatha mosayembekezeka. Bambo anatchula wochepa moti achimwene anagwira khoma. Adokotala anakana, anati kutero n'kuba, iwo apereka woyenera. Ndinaona wogula akukweza, wogulitsa akutsitsa, mpaka anakumana penapake, ndipo ndinasiya kufunsa chifukwa chake mitengo ya galimoto zimenezi siimveka. Bambo anawonjeza chinthu chimodzi chokha, akuloza chitseko chija. Adokotala anati ali moyo, penti sadzafikapo.

Kenako anafunsa ngati bambo angakonde kuzungulira nawo pang'ono asanaitenge. Ine ndi achimwene tinawathandiza kulowa. Kwa nthawi yoyamba chigulireni galimotoyo, bambo anakhala kumanzere, pampando wa mayi. Ndinawamanga lamba, ndinaika mkono wakufawo pamwendo, n'kutseka chitseko. Adokotala anaponda kilatchi, dzanja lili pa giya.

"Dikirani," anatero bambo.

Anatsitsa galasi pang'onopang'ono ndi dzanja lakumanzere. Anatulutsa dzanjalo panja, anapapasa mpaka zala zinapeza timizere tija. Mphete yawo ya ukwati inali ikadali pachala, yokhwepa chifukwa cha kuwonda. Anakhala choncho kanthawi, akuyang'ana kutsogolo. Kenako ndinamva: ko, ko.

Galimoto inanyamuka, ndipo ine ndinakhala pansi pabwalo pomwepo n'kulira.