Kambewu ka Mpunga pa Khosi la Bonya

Anthu a kugombe kuja anaseka mpaka kugwira nthiti atamva kuti galu wa kwa a Wilson akumukonzera mapepala opitira ku Ulaya. Galu wakenso uti? Bonya! Kagalu kofiirira, koonda ngati dzina lake, kakhutu limodzi logwa, kokulira mitu ya usipa pansi pa thandala loyanikapo nsomba. Amayi ogulitsa nsomba akakaona kakudutsa ankakaombera m'manja: "Wawa bwana, mukatikumbukire kumeneko!" Triza ankamva zonsezi pafoni. Munthu amene sanavuulepo mwana wake m'madzi amaseka zambiri.

Triza anali mwana woyamba wa a Wilson, msodzi wakalekale wa m'mbali mwa nyanja ku Salima. Iye ankagwira ntchito yosamalira nkhalamba ku Ireland, ndipo mwana wake mmodzi yekhayo, Ella, wa zaka zisanu ndi zinayi, anamusiya m'manja mwa mng'ono wake Molly. Ella anali ndi matenda akugwa. Kunyanja matenda amenewa ndi imfa yoyenda nayo, pakuti madzi olekeza m'mawondo amakwana kumiza munthu. Mankhwala ankathandiza ndithu, koma osati masiku onse.

Amene sanaphonyepo ndi Bonya. Palibe anamuphunzitsa. Matenda akamayandikira, galuyo ankauwa mwamtundu wina, kuuwa kodukizadukiza, kosasa mawu, kwinaku akuluma diresi la mwanayo n'kumalikokera pansi. Ella akamva zimenezo ankachoka pamadzi kapena pamoto n'kugona chammbali pamchenga, matendawo n'kumupeza ali pabwino. Akulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo pakhomo paja mwambiwu sunali woseweretsa.

Choncho chilolezo choti Ella akakhale ndi mayi ake chitayamba kuoneka mutu wake, Triza ananeneratu kuti mwana sakwera ndege popanda galu. Ankaidziwa nyumba imene ankakhala: masitepe ataliatali, bafa lodzaza madzi, msewu wa magalimoto pakhomo penipeni, iye mwini ali kuntchito kusambitsa amayi a eni. Ndani akamuuze mwanayo kuti gona pansi?

Apa ndi pamene anaphunzira kuti galu amavutika kulowa m'dziko la eni kuposa munthu. Choyamba ankafunika kachipu, kachipangizo kochepa ngati kambewu ka mpunga, kamene dokotala amakalowetsa ndi jekeseni pansi pa khungu kumbuyo kwa khosi. M'kachipumo mumakhala nambala, ndipo nambalayo ndiye dzina la galu kumaiko akunja. Kenako katemera wa chiwewe. Molly atanena kuti Bonya amabayitsa chaka chilichonse pabwalo la sukulu, a dokotala anamuuza kuti katemera wobaya kachipu kasanalowe sawerengedwa, ngati kuti chiwewe chimafunsa nambala chisanalume. Anabayanso. Patapita mwezi anamutenga magazi n'kuwatumiza kunja kukapimidwa, ndipo pambuyo pake panali miyezi itatu yongodikira. Pepala lililonse linkakoloweka pa nambala ija, ngati nsomba pachingwe chimodzi.

Molly anayenda maulendo a ku Lilongwe mpaka kuloweza maenje a mumsewu, galu ali m'dengu pamiyendo, akukangana ndi makondakitala. Ndalama zimene Triza ankasungira malata a nyumba ya bambo ake zinathera momwemo. Sanadandaule. Malata satchinga mwana kumadzi.

A Wilson zonsezi sanazione. Nyengo yonse ya usodzi anali pa chilumba cha Mbenji, kumene asodzi amakakhala miyezi yambiri osabwera kumudzi. Pafoni anangowauza kuti galu akupita ndi mwana, iwo n'kuseka, n'kunena kuti dziko latha. Za kachipu palibe anaganiza zowauza. Ungamuuzirenji msodzi wokalamba za nambala ya galu? Anabwerera kumudzi chilumba chitatsekedwa, mvula itayamba, Triza atatsala pang'ono kufika kudzatenga mwana wake.

Tsono dzinja kunyanja ndi nyengo ya mphutsi. Ntchentche zimaikira mazira mumchenga wonyowa, galu akagonapo mphutsi zimalowa m'khungu, thupi lonse n'kuchita timatuza. Aliyense wosunga galu amadziwa chochita: umamugoneka pamiyendo, n'kumafufuza ndi zala, ukapeza chotupa umafinya mpaka mphutsi ituluke. A Wilson pa ntchito imeneyi anali katswiri, ndipo Bonya ankawakonda chifukwa cha zala zawozo.

Triza anafika masana, dzuwa litatuluka pambuyo pa mvula. Ella anamuthamangira n'kumukupatira m'chiuno, galu akuzungulirazungulira. Atalonjerana ndi onse, Triza anawerama kuti amusisite Bonya, ndipo dzanja lake linagunda bala kumbuyo kwa khosi, lopakidwa mankhwala a jivi.

"Galuyu watani apa?"

"Ndamukonza ine ameneyo," anatero a Wilson monyadira, akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango. "Ndinati asakachite manyazi kwa azungu ndi mphutsi. Zinalipo zambiri, amake Ella. Koma inayo ya pakhosipo inandivuta. Inali itafera momwemo, yauma gwa. Kufinya, ayi. Mpaka ndinachita kutengera lezala."

Triza anaweramuka.

"Inali yooneka bwanji, bambo?"

"Ngati kambewu ka mpunga. Konyezimira. Sindinaionepo mphutsi yotero chibadwire."

"Munakataya kuti?"

"Ndinaponyera nkhuku pamodzi ndi zinzake. Bwanji kodi?"

Molly, amene anali atangotuluka m'nyumba ndi madzi akumwa, anaika kapu pansi n'kugwira kumutu. Triza analowa m'khitchini, natenga sefa wa ufa, nagwada pansi pa mango paja n'kuyamba kusefa mchenga. Anasefa dzanja ndi dzanja, zovala za paulendo zili m'thupi. M'sefamo munkatsala mamba a nsomba, timiyala ndi tizigoba ta nkhono. Anthu amene anabwera kudzamulonjera anaima chapatali, ndipo tsiku limenelo panalibe woseka.

Molly ndiye anawafotokozera bambo ake. A Wilson anamvetsera kukamwa kuli yasa. Kenako anadzuka, nagwira tambala wawo wamkulu, amene ankati ndiye amalanda chakudya cha zinzake, namudula khosi. Anang'amba nthutumba n'kuikhuthulira pambale. Munali mchenga ndi timiyala. Anagwira nkhuku yachiwiri, Triza n'kuwagwira mkono.

"Basi, bambo. Musamalize nkhuku."

M'mawa mwake Triza anapita ndi galu ku Lilongwe, kwa dokotala wa ziweto amene ankayendetsa zonse, mayi wodekha dzina lake a Salome. Munthu ukathedwa nzeru umakhulupirira zilizonse: m'njira monse Triza ankadziuza kuti mwina chimene bambo ake anachotsa chinali mphutsi yeniyeni. A Salome anayendetsa kamakina kowerengera nambala pakhosi pa Bonya, pamsana, m'mapewa, mpaka m'miyendo. Kamakinako kanangoti zii.

"Muikeni kena," anatero Triza. "Galu ndi yemweyu. Inu mukumudziwa. Khutu lakeli mukuliona."

"Ine ndikumudziwa, mayi. Koma kumene mukupitako sadziwa khutu. Kachipu katsopano ndi nambala yatsopano, ndipo nambala yatsopano kwa iwo ndi galu wina, wosabaya katemera, wosapimidwa magazi."

"Lembani kalata. Munene kuti agogo ake a mwana analakwitsa."

"Ndikhoza kulemba, koma kalata yanga siilowa m'malo mwa nambala. Akhoza kukamutsekera kwaokha, kapena kumubweza pabwalo la ndege pomwepo, mwana akuona. Sindingakunamizeni. Njira ndi imodzi, kuyambiranso pachiyambi."

Pachiyambi! Katemera, mwezi, magazi, miyezi itatu, ndi ndalama zimene kunalibenso kozitenga. Tchuthi cha Triza chinali cha masabata owerengeka, ndipo chilolezo cha Ella, chimene anachivutikira zaka, chinali ndi tsiku lake lothera. Anakhala pabenchi panja pa chipatala cha ziwetocho, galu atatsamira phazi lake, ndipo analira ngati pamaliro. Anthu odutsa ankayang'ana galuyo n'kumadabwa, poti anali wamoyo.

Pobwerera anayesa kuganiza zomusiya Ella. Koma Molly anali pafupi kukwatiwa ku Nkhotakota, ndipo bambo ake chilumba chikatsegulidwa adzabwerera ku Mbenji. Kumusiya mwana kunali kumusiyira nyanja. Kumutenga kunali kumuchotsera mlonda wake. Njira zonse ziwiri zinali zoipa, ndipo iye anasankha imene akanatha kuipirira, yoti mwana akhale pamene maso ake angamuone.

Chimene chinkamuwawa koposa n'chakuti analibe womukalipira. Akanakhala mdani, bwenzi atamutukwana mtima n'kuphwa. Koma anali bambo ake, amene anachita zimene akhala akuchitira agalu awo onse moyo wawo wonse, mwachikondi, ndi zala zosamala. Chifundo chinapha nkhwali. Masiku otsalawo a Wilson sankadya. Ankakhala kuseri kwa nyumba, ukonde uli pamiyendo osausoka.

"Amake Ella," anamuitana tsiku lina. "Ndigulitsa bwato. Muyambirenso."

"Mukagulitsa bwato mudzadya chiyani?"

"Nanga mwanayu akakagwa kumeneko, ine ndidzadya bwanji?"

Triza ankadziwa kuti ndalama za bwato lokalamba lija sizingafike ngakhale pa kupimitsa magazi, ndiponso kuti Bonya mwini ndevu zinali zitayamba kuyera. Anangokhala pansi pafupi ndi bambo ake, phewa kugunda phewa, mpaka Molly anawaitana kuti akadye.

Triza anamuuza Ella bodza. Anati Bonya atsala pang'ono kuti bala lipole, adzabwera pambuyo ndi ndege ina. Mwanayo anamuyang'ana nthawi yaitali ndi maso aja a ana odwaladwala, amene amadziwa zambiri kuposa msinkhu wawo.

"Ndiye kumeneko azikandiuza ndani, amama?"

"Ndizikakuuza ine."

"Inu mumadziwa bwanji?"

Triza anatembenuka n'kuyamba kupinda zovala zimene anali atapinda kale.

Tsiku la ulendo galimoto yaganyu inafika m'mawa. A Wilson anamangirira Bonya ku mtengo wa mango ndi chingwe cha ukonde kuti asathamangire galimoto. Ella anagwada, namukupatira, namunong'oneza zinthu m'khutu logwa lija, ndipo anamusiyira diresi lake lakale kuti azigonera. Sanalire. Anakwera kumbuyo pamodzi ndi mayi ake, chikwama chili pamiyendo. Molly ankalira m'malo mwa onse. A Wilson anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa.

Galimoto itangoyamba kuyenda, Bonya anayamba kuuwa. Ankadzikoka pachingwe mpaka kuimirira ndi miyendo iwiri, chingwe chikukhula pabala paja. Amayi a kugombe amene anabwera kudzatsazikana anapukusa mitu.

"Ati galu alibe mtima! Tamuonani akulirira mnzake."

Dalaivala nayenso anaseka pang'ono, nati agalu ena amaposa abale. Koma Triza anali atatchera khutu. Kumeneko sikunali kulira kwa galu wosiyidwa. Kunali kuuwa kuja kodukizadukiza, kosasa mawu. Anayang'ana Ella. Mwanayo anali atamva kale. Anachotsa yekha chikwama pamiyendo, nachiika pansi, nagona chammbali pampando, mutu pamiyendo ya mayi ake, monga anazolowera.

"Imani, adalaivala," anatero Triza.

Anaima pafupi ndi thandala lomaliza, pamene mchenga umathera n'kuyamba msewu. Matenda anafika. Triza anagwira mutu wa mwana wake kuti usagunde chitseko, akumuitana dzina pang'onopang'ono mpaka thupi linafewa. Kumudzi kuja kuuwa kunaleka. Galu anali atagwira ntchito yake, ali pachingwe, kuchokera patali.

Dalaivala anadikira, kenako anafunsa mwaulemu ngati abwerere kapena apitirire, poti ndege siidikira munthu.

Triza anapukuta thovu pakamwa pa Ella ndi nsonga ya chitenje. Anacheuka. A Wilson anali atathamanga theka la njira n'kuima pakati pa mchenga, chipewa chili m'manja, osadziwa ngati afike kapena abwerere. Kumbuyo kwawo, pansi pa mango, kagalu kofiirira kanali katakhala tsonga, kakuyang'ana galimoto.

"Tiyeni," anatero.

Kuyambira pamenepo mpaka ku Lilongwe sanachotse maso pankhope ya mwana wake. Ankayang'ana milomo, zikope, zala, kufunafuna chimene galu uja ankaona. Sanaone chilichonse. Anangoona mwana akugona.