Masamba Omata ndi Guluu

Aphunzitsi a kalasi ya ana aang'ono sanali munthu wokayikakayika. Akati lero tiphunzira za mitengo, ngakhale mwana wogona kumbuyo ankadzuka n'kumva za mitengo. Ndiwo anabzala ndi anawo kamtengo pakona ya bwalo la sukulu, pafupi ndi mpopi, ndipo ndiwo anawaphunzitsa kuti mtengo umamwa ndi mizu koma chakudya umaphikira m'masamba. Anawo anaimva bwino nkhaniyo, mwinanso mopitirira muyeso.

Mvula itasiya, masamba anayamba kuyoyoka. Tsiku lina nthawi yopuma itatha, aphunzitsi anapeza kabati ya m'kalasi ili pululu. Guluu munalibe, selotepi munalibe, ana nawonso kunalibe. Anakawapeza atazungulira kamtengo kaja, akutola masamba ouma pansi n'kumawamata pa nthambi. Masamba ena anali ozondoka, ena anali a mtengo wina wa kuseri kwa mpanda. Kapitawo wa ntchitoyo anali kamtsikana kamene aliyense ankakatchula kuti Nanga, chifukwa sikankatsegula pakamwa popanda kuyamba ndi mawu amenewo. Kanafotokoza mopanda mantha kuti mtengo wawo ufa ndi njala, popeza khitchini yake yonse yagwera pansi.

Aphunzitsi anafuna kuseka, koma anadziletsa ataona mayi mwini sukulu akubwera, mlonda ali pambuyo ndi chikwanje. Mayiwo sanali ouma mtima, kungoti ankadana ndi chilichonse chooneka chosasamalika. Anati makolo akubwera kudzaona sukulu, ndipo iwo sangawaonetse chikuni chovala zinyalala. Mtengo wauma, udulidwe basi.

Nanga anakumbatira thunthu la kamtengoko ndi manja ake omata aja.

"Mayi, mtengowu uli moyo," anatero aphunzitsi. "Ndiloleni ndikuonetseni."

Anagwira nthambi ya pamwamba kuti akande khungwa ndi chikhadabo, koma nthambiyo inangoti thyo, m'kati mouma gwa. Anagwira ina. Nayonso inali youma. Apa mantha anawagwira ndithu, osati chifukwa cha abwana awo koma chifukwa cha timaso tonse tija tomwe tinkawayang'ana. Aphunzitsiwo anali atawalonjeza anawa ndi pakamwa pawo kuti mtengowu udzaposa denga la kalasi. Mlonda anakhosomola, n'kusintha dzanja logwira chikwanje.

Aphunzitsi sanabwerere m'mbuyo. Anagwada pafumbi ndi diresi lawo lositasita, anapempha Nanga asunthe dzanja limodzi, ndipo anakanda pang'ono pathunthu penipeni. Pansi pa khungwa panaoneka pobiriwira, ponyowa.

Anaitana ana aja mmodzimmodzi kuti agwire ndi chala. Anawauza kuti madzi akachepa m'nthaka, mtengo ngati uwu umataya masamba mwadala, chifukwa masamba amamwaza madzi padzuwa. Chakudya unasunga kale m'thunthu ndi m'mizu, ngati mmene amayi amasungira zakudya m'kabati. Nthambi ziwiri zija zinafadi, sanabise, koma mtengowo ukungopuma, ndipo mvula ikagwa udzatulutsa masamba atsopano.

Mayi mwini sukulu anawerama, anakonza magalasi, anayang'anitsitsa. Kenako anauza mlonda kuti adule nthambi zouma zokhazo, ndipo zomatamata zonse zichoke makolo asanafike. Ananyamuka akupukuta chala pa mpango, chifukwa nawonso anali atagwirako.

Ana anayamba kumatula masamba akukangana za amene anayamba kuona pobiriwira. Nanga yekha anatsala chiimire, tsamba lomaliza lili m'manja, nkhope ili yosakhutira. Mwana ameneyu anali atagwira ntchito yaikulu, ndipo tsopano ankauzidwa kuti inali yosafunika.

"Nanga ifeyo tiuthandize bwanji, aphunzitsi?"

"Tiziuthirira apo ndi apo. Zinazo umadziwa wokha."

"Basi?"

"Basi, mwanawe. Ukatero uziusiya."

Aphunzitsi anamumvera chisoni, chifukwa ankadziwa kuti pa zonse zimene anaphunzitsa chaka chimenecho, ichi ndicho chinali chovuta. Nanga anayang'ana tsambalo, anayang'ana nthambi yopanda kanthu imene inali pafupi ndi mphuno yake. Dzanja linanyamuka lokha mpaka theka la njira. Kenako analibweza, anaika tsambalo pansi patsinde, n'kupinda manja onse awiri kumbuyo, lina litagwira linzake zolimba.