Kachigoba Kovala Yunifolomu

Foni inaliranso, koma Nabuluu sanachotse diso pa maikulosikopu, chipangizo chokulitsa tinthu tosaoneka ndi maso. Anadziwa kuti ndi mlongo wake, kapitawo wa gulu lokumba chitsime pachipatala chaching'ono cha kuseri kwa phiri.

"Chemwali, kuno tikungotulutsa dongo lokhalokha. Abwana akuti dzuwa likapendeka tizule makina. Tipitirize kapena tisiye?"

"Achimwene, tandipatsani mpata inu! Ndikuona kaye."

Ntchito ya Nabuluu inali yovuta kufotokozera achibale osakuseka. Ankatsuka dothi lochokera pansi penipeni, kulisefa, n'kumasakamo tizigoba ta tizilombo ta m'nyanja tomwe tinafa mapiri asanamere, tating'ono kuposa mchenga. Mtundu uliwonse unakhala ndi nyengo yake n'kutha, choncho ukaupeza umadziwa msinkhu wa dothilo. Pachitsime china chakutali, madzi anapezeka kunsi kwa dongo lokhala ndi kachigoba kopiringizika ngati ka nkhono. Kakaonekanso m'dothi la mlongo wake, ndiye kuti ndi dongo lomwelo ndipo madzi ali pafupi. Kakapanda kuoneka, amayi oyembekezera azingopitabe kuchipatalako atasenza zidebe.

Anatembenuza tinjere ndi kaburashi konyowa, kamodzikamodzi. Mwadzidzidzi, nako!

"Ndakapeza!" Anadzambatuka, mpando n'kugwera uko.

Mnzake wa tebulo loyandikana, bambo woseka kamodzi pachaka, anabwera kudzasuzumira. "Taonaninso bwino, mayi. Kavala yunifolomu."

Mtima wa Nabuluu unangoti myuu. M'chipinda chawo choyezera dothicho, sefa ikagwira ntchito ankainyika m'mankhwala a buluu, kuti kachigoba kalikonse kokanirira m'mabowo kasinthe mtundu, kasadzanamize anthu m'dothi lotsatira. N'chifukwa chake zala zake sizinkayera, mpaka dzina loti Nabuluu linamukanirira. Kachigoba kaja kanali kabuluu bii, kamlendo kotsalira ku chitsime chakale.

Foni inalira. Kunena zoona, mayiyu anaganizako zongoti "pitirizani", poti ndani akanadziwa? Koma bodza likanakumbitsa mlongo wake mpaka ntchito kumuthera. Anaisiya foniyo izilira.

Anatenga sefa yatsopano ndi thumba lomaliza lochokera kwa mlongo wake, la dothi lakuya kwambiri. Anatsuka, madzi akumuthovukira pa malaya, n'kuika pachitofu kuti liume. Dothi likafuna kukuzunza silifulumira kuuma! Anazungulira tebulo, akulikalipira ngati mwana wochedwa kusukulu.

Atabwerera pa maikulosikopu, anayambanso kutembenuza tinjere. Njere, njere, kachidutswa, njere. Kenaka, pakona, kachigoba kopiringizika, koyera mbee! Pambali pake kena. Kenanso. Tinali mbwee!

"Bambo, bwerani! Mundiuze ngati ndapenga!"

Bamboyo anasuzumira nthawi yaitali, n'kuwongoka, mano onse pamtunda. "Imbani foni, mayi. Mukudikiranso chiyani?"

"Achimwene! Musazule makina!"

"Tazimitsa kale, chemwali. Anyamata akumasula mapaipi."

"Amangenso! Mwafika padongo lija! Madzi mwawaponda ndi mapazi anu, ndikulumbira!"

Foni inaduka. Nabuluu sanathenso kukhala pansi. Anatsuka masefa oyera kale, anakolopa pomwe panalibe litsiro. Nanga ngati madziwo anathera kuchitsime chija?

Dzuwa lili pafupi kulowa, foni inalira. Anamva chiphokoso cha makina, nthungululu za amayi, ndi munthu wina akupuma mwabefu.

"Achimwene? Lankhulani, mundipha!"

"Chemwali," anatero mlongo wake, "ndanyowa mpaka m'makutu."