Wokonza Mawotchi wa pa Tsamba 61

Bukulo ndinalipeza m'thumba la jekete. Ndimagwira ntchito yosita pamalo ochapira zovala, ndipo lamulo lathu ndi loti chopezeka m'thumba chiikidwe m'kabokosi ka pakauntala. Ndinaliikadi. Mwini wake anadzatenga jekete n'kusiya buku, ndiye patatha mwezi ndinayamba kuliwerenga nthawi yopuma, nditakhalira ndowa kuseri kwa makina.

Linali buku lokoma, ndisaname. Koma nditafika pa tsamba 61, ndinaima n'kuwerenganso kachiwiri. Pamenepo panali munthu wokonza mawotchi, wa khutu lakumanzere loduka nsonga chifukwa galu anamuluma ali mwana. Akamasula wotchi, tizitsulo take ankatisunga pamlomo kuti tisasowe. Ndipo ankakonda kukamba za mlongo wake wamaso akuluakulu, amene ankamutcha Kadzidzi.

Kadzidziyo ndine. Galuyo ndikumukumbuka mpaka mtundu wake. Achimwene anachoka pakhomo zaka zisanu ndi zinayi zapitazo atayambana ndi bambo, ndipo kuchokera tsiku limenelo kunangoti zii. Bambo anamwalira osawaonanso. Mayi alipo, miyendo inatupa, m'chipinda satuluka, koma munthu akangogogoda pachitseko amadzutsa mutu.

Pachikuto cha buku panali adiresi ya osindikiza, ndiye ndinaganiza zolembera mlembi wake kudzera kwa iwowo. Kalata yoyamba ndinaiwononga ndi ulemu. Masamba atatu ndikungomutamanda mlembiyo, kuti sindinawerengepo buku lotere, kuti ndinalira, zakutizakuti. Funso lenileni, loti achimwene ali kuti, ndinaliika kumapeto, mwamanyazi, ngati munthu wodzapempha mchere. Patatha milungu itatu kunabwera kakhadi kodinda ndi makina: "Zikomo powerenga. Pitirizani kukonda mabuku." Ndinakang'amba, kenako n'kutolanso zidutswa kuti ndione ngati kuseri kwake kunalembedwa kanthu.

"Iwe, anthu olemba mabuku ntchito yawo ndi kunama," anatero mnzanga wa pakauntala. "Khutu loduka n'chiyani? Theka la anthu amumsewu uno analumidwapo ndi galu."

"Nanga Kadzidzi?"

Anangoyamba kupinda mathalauza opinda kale.

Kupusa kwanga n'koti ndinawauza mayi. Ndinawawerengera tsamba 61, ndiponso kumapeto, pamene wokonza mawotchiyo amabwerera kwawo atanyamula kachikwama ndipo mayi ake amamuzindikira ali patali. Kuyambira pamenepo ndikangolowa m'nyumba, ndisanavule n'komwe nsapato, funso linali limodzi: "Ayankha?"

Ndinalemba yachiwiri, yachitatu. M'kalata yachinayi ndinaikamo chithunzi cha achimwene, chimodzi chokhacho chomwe tinali nacho. Yachisanu ndinailemba mtima uli m'mwamba: "Bambo inu, munthu amene mukumugulitsa m'buku lanuyo ali ndi mayi ake, ndipo mayiwo masiku awo akutha." Yachisanu ndi chimodzi inali yopepesa. Pofika yachisanu ndi chiwiri mawu anali atandithera. Ndinangolemba kuti, "Padziko lonse lapansi ndinu nokha amene mukudziwa kumene ali. Ndagwira mwendo wanu."

Yankho linandipeza kuntchito Lachiwiri m'mawa, envulopu yolemba pamanja. Ndinazimitsa simbi, n'kupita kuseri kwa makina.

"Mayi, pepani. Makalata anu ankangowaunjika kwa osindikiza, andipatsa onse pamodzi sabata yatha. Chithunzi chanu ndabweza. Ndi yemweyo. Zaka zinayi zapitazo tinagonekedwa m'chipatala chimodzi, mabedi oyandikana. Iye ankadwala chifuwa. Anandikonzera wotchi yanga pogwiritsa ntchito phini, ndipo tsiku lililonse ankakamba za inu. Ankati akachira apita kwawo. Anamwalira Lamlungu masana, ine ndili pambali pake. Adiresi yakwawo sanauze aliyense, choncho anaikidwa ndi achipatala. M'buku ndinamubweza kwawo chifukwa ndinalephera kulemba zimene ndinaona. Sindinaganize kuti Kadzidzi adzaliwerenga."

Ndinakwiya, ndinene zoona. Ndinamukwiyira mlembiyo pondinamiza, ndinawakwiyira achimwene chifukwa cha khosi lawo louma, ndinadzikwiyira ndekha. Kenako ndinayatsanso simbi n'kusita malaya makumi awiri, misozi ikudonthera pa makolala a eni ake.

Panjira yonse ndinkakonza bodza. Ndinkati ndikanena kuti sanayankhe, basi, tizingodikira. Koma nditalowa, mayi sanafunse funso lawo lija. Anandiyang'ana kumaso, n'kuloza pamphepete pa bedi.

"Khala apa. Werenga."

Ndinawerenga yonse, osadumpha mawu. Nditamaliza anatenga chithunzi chija n'kuchiika pachifuwa. Ndinkayembekezera kuti akuwa, koma ayi.

"Uwalemberenso," anatero.

"Ndilembenso chiyani, mayi? Zatha."

"Uyambe ndi kuwathokoza, usawalalatirenso. Ukatero uwafunse ngati mwana wanga anali ndi chofunda chokwanira. Amazizidwa msanga kumapazi ameneuja."

Ndinatenga cholembera m'chikwama. Mayi anandigwirira pepala.